Kalata Yotseguka kwa Mlembi Wamkulu wa Zaumoyo: Mafunso Athu Ali M'mawodi

Kwa Mlembi Wamkulu,
Unduna wa Zaumoyo,
Capital Hill, Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mmodzi mwa madokotala amene tikuphunzira ukatswiri wa matenda a maganizo m'dziko muno. Ndife ochepa moti tonse tingakwane m'minibasi imodzi, kondakitala n'kumaitanirabe anthu ena. Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Ikukhudza anzanga, aphunzitsi athu, anamwino ndi makiliniko ofesa amene timasenza nawo katunduyu, komanso odwala amene sangakhale pansi n'kukulemberani okha. Pempho langa n'loti ife ophunzira tizilowetsedwa m'kafukufuku wa odwala athu kuyambira chaka choyamba, tizipatsidwa nthawi yake yodziwika, ndipo mafunso ofufuzidwawo azichokera m'mawodi mwathu momwemu. Ndikudziwa kuti silabasi ndi ya ku yunivesite. Koma mawodi ndi anu, mafayilo a odwala ndi anu, ndipo ambiri a ife malipiro athu amachokera kwa inu. N'chifukwa chake ndagogoda pakhomo panu.

Ndiyambe ndi manyazi anga, kuti musaganize kuti akulembayu ndi katswiri.

M'chaka changa choyamba ndinafuna kudziwa kuti mwa anthu obwera ku kiliniki ya shuga ndi BP pachipatala china, ndi angati amene anali ndi matenda a kukhumudwa. Ndinapeza pa intaneti pepala la mafunso asanu ndi anayi lotchedwa PHQ-9, n'kulimasulira ndekha usiku umodzi, magetsi atazima, ndikuunikira ndi foni. Mngelezi akakhumudwa amati ali pansi. Ine ndinalemba momwemo. M'mawa mwake oyamba kuwafunsa anali agogo ena ovala mpango woyera kumutu, kabuku kawo ka kuchipatala atakakulunga m'pepala la shuga kuti kasanyowe.

"Agogo, pa masabata awiri apitawa, ndi kangati mwamva kuti muli pansi?"

Anandiyang'ana kaye, kenako anayang'ana pabenchi pamene anakhala. "Pansi ndiye ndimakhala tsiku ndi tsiku, mwanangu. Kwathu mpando ndi umodzi, ndipo ndi wa alendo."

Ine, poti ndinali nditavala chikhoti choyera, ndinachonga pamene panalembedwa kuti pafupifupi tsiku lililonse. Namwino amene ankakweza odwala pasikelo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Masana anandiitanira pambali. "Adokotala, kodi chilolezo cha komiti muli nacho?" Ndinalibe. Ndinkaganiza kuti chilolezo chimafunika pokhapokha ukamabaya jakisoni kapena kutenga magazi. Anandiuzanso kuti pepala lomwelo linamasuliridwa kale m'Chichewa ndi a Michael Udedi ndi anzawo, linayesedwa pa odwala shuga, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2019. Safunsa anadya phula. Mapepala anga ndinawang'amba madzulo omwewo.

Tsiku limenelo sindinapweteke munthu, koma ndikanapitiriza ndikanatuluka ndi chiwerengero chabodza, chokhala ndi madesimali ake, ndipo wina akanachikhulupirira. Kumasulira pepala la mafunso kuli ndi njira yake. Anthu awiri amalimasulira aliyense payekha. Wachitatu, amene sanaonepo loyambalo, amalibwezera ku Chingerezi kuti zioneke ngati tanthauzo lasochera m'njira. Kenako limayesedwa pa odwala enieni, n'kumawafunsa kuti funso lililonse alimva bwanji. Pomaliza mayankho awo amayerekezedwa ndi zimene katswiri wapeza atacheza ndi wodwala yemweyo mofatsa, kuti padziwike malikisi amene munthu akafikapo tinganene kuti apa pali vuto. Ndi mmene a Robert Stewart ndi anzawo anachitira ndi pepala la SRQ-20 ku Thyolo, ntchito imene inatuluka mu 2009. Ku Thyolo komweko anapezanso kuti makanda a amayi ovutika maganizo ankakhala ofupikirapo poyerekeza ndi anzawo a miyezi yofanana. Zimenezi munthu sabadwa nazo. Amaphunzira pogwira, wodziwa ali pambali, monga tinaphunzirira kusoka bala.

Kufufuza matenda a maganizo si kwachilendo kuno, Bwana. Malo oyamba osungirako odwala misala ku Zomba anatsegulidwa mu 1910 ali mbali ya ndende. Mu 1936 azungu awiri, Shelley ndi Watson, analemba za odwala a kumeneko m'magazini ya Journal of Mental Science. Megan Vaughan atabwerera ku mafayilo a nthawi imeneyo mu 1983 anaonetsa mmene maganizo a atsamunda pa munthu wakuda ankalowerera m'zimene iwo ankazitcha sayansi. Chipatala cha Zomba Mental chimene tikuchidziwa lero chinatsegulidwa mu 1953. Makolo athu anawerengedwa, anayezedwa, analembedwa m'mabuku, koma cholembera chinali m'manja mwa ena.

Anzathu a malungo anatitsogolera kalekale. Mu 1989 gulu limene munali a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor ndi a Jack Wirima linafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a muubongo. Umaona ngati maso ake akutsatira, ngati akulira moyenera, ngati akuthawitsa dzanja ukamupweteka pang'ono. Malikisi ake amayambira pa 0 kulekeza pa 5, ndipo sipafunika makina. Lero dokotala wa ku Kenya kapena ku Ghana akaima pabedi la mwana wokomoka amatchula dzina la mzinda wathu, chifukwa njirayo imatchedwa Blantyre Coma Score. Inabadwira m'wodi ya ana ku Queens, mwa anthu amene ankaona odwala m'mawa n'kulemba zimene aona madzulo. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, Malawi-Liverpool-Wellcome inakhazikika mu 1995, ndipo kuyambira 2021 tili ndi Kamuzu University of Health Sciences. Nyumba ya kafukufuku ilipo, yofoleredwa bwino. Ife a maganizo tikupempha chipinda.

Ndipo si kuti palibe anayesapo. A Felix Kauye, amene kwa zaka ndithu anali katswiri yekhayo wa matendawa m'boma, anapezabe mpata ku Machinga. Anagawa zipatala zing'onozing'ono m'magulu awiri mwa maere, ogwira ntchito a gulu limodzi n'kuwaphunzitsa mwa njira yatsopano. Ophunzitsidwawo anayamba kuzindikira kukhumudwa ndi nkhawa mwa odwala ambiri amene kale akanangodutsa ndi panado. Zimenezo zinasindikizidwa mu 2014. Ku Zimbabwe, Vikram Patel ali wachinyamata ku Harare anatchera khutu ku mawu amene odwala, anamwino ndi asing'anga ankalankhula, ndipo mu 1997 panatuluka pepala la mafunso 14 la Chishona. M'menemo muli mawu akuti kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri kwathu kuja. Pa maziko amenewo Dixon Chibanda anamangapo Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono, okhala pabenchi kunja kwa kiliniki, omvetsera mavuto a munthu n'kumuthandiza kuwamasula limodzilimodzi. Sanangonena kuti zikuthandiza. Anaziyesa pa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, zotsatira n'kutuluka m'magazini ya JAMA mu 2016. Zonsezi zinayambira pa dokotala amene anamva mawu a wodwala n'kusawataya.

Ine ndili ndi kabuku m'thumba la chikhoti, mmene ndimalembamo mafunso amene wodi yandifunsa ine n'kusowa chonena.

Loyamba m'kabukumo ndi la mnyamata wina amene ndamugonekapo katatu. Amabwera atamangidwa manja ndi mphira wa njinga, amalume ake ali pambuyo thukuta lili kamukamu. Timamupatsa chlorpromazine. Pakatha milungu itatu wayamba kuseka nafe, akusewera bawo ndi anzake pakhonde, akupempha nsima yowonjezera. Timamutulutsa ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi, fluphenazine, amene aliyense amangoti Modecate. Pakapita miyezi ingapo uyo wabweranso, mphira womwewo. Nthawi iliyonse timalemba m'fayilo kuti anasiya mankhwala, ngati kuti limenelo ndi yankho. Anasiyiranji? Amalume akuti thiransipoti ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, ikudya ndalama ya feteleza. Mayi ake akuti jakisoni amamuumitsa khosi, malovu n'kumangotsika, ndipo benzhexol wothetsa zimenezo sanamupeze pamene anakafunsa kufupi ndi kwawo. Mwini wake akuti mankhwala amamufooketsa, khasu limalemera, ndipo kumudzi mnyamata wosalima sapeza banja. Mlongo wake anandinong'oneza za chamba. Tsiku lina ndinamvanso kuti ku mapemphero anamuuza kuti wamasulidwa, mapiritsi akataye m'chimbudzi.

Zifukwa zisanu pa munthu mmodzi, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Inu Bwana, mutakhala ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi, mungaziike pati? Pa galimoto yopita kumidzi ndi jakisoni? Pa benzhexol? Pa mankhwala ena monga risperidone, amene saumitsa thupi kwambiri koma amanenepetsa? Pa alangizi a zaumoyo oti azitsatira odwala otuluka? Kapena pa kukhala pansi ndi abusa ndi asing'anga? Buku lolembedwa ku London silingakuuzeni, chifukwa wolembayo sanaonepo mphira wa njinga pamkono wa munthu. Yankho lili m'mafayilo athu ndi pakamwa pa magadiyani. Pakungofunika munthu woti awerenge odwala mazana angapo mwa njira yoyenera, awafunse mofanana, aone kuti chifukwa cholemera kwambiri n'chiti.

Ndinayesapo kuyamba. Pachipatala china, chilolezo chili m'manja ulendo uno, ndinapempha makiyi a kachipinda kosungira mabuku akale olembamo odwala. Ndinapeza ataunjikidwa pasimenti. A pansi penipeni chiswe chinali chitayamba kudya kuchokera m'mphepete, kumene kumalembedwa dzina la matenda, ngati kuti nachonso chimasunga chinsinsi cha wodwala. M'mabuku osadyedwawo munthu mmodzi analembedwa mayina atatu pa maulendo atatu, pena la bambo, pena la mfunda, pena la ubatizo. Pa zaka zakubadwa panangolembedwa kuti wamkulu. Sindikuloza chala kalaliki, amene amakhala yekha pawindo anthu ali mzere mpaka panja. Koma pamenepo ndinaona kuti kafukufuku amayambira pa rejisitala. Nambala imodzi ya wodwala yosasintha, kalembedwe kamodzi ka matenda m'zipatala zonse, mashelefu otalikira pansi, ndi kompyuta imodzi yogwira ntchito: izi zili m'mphamvu yanu, ndipo zingathandize oyendetsa chipatala ngakhale patapanda wofufuza.

Mafunso ena ndingowadutsa. Amene apulumuka atamwa tameki kapena mankhwala a mbewu, tikawatulutsa m'wodi ya akuluakulu mimba itatsukidwa, amakathera kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi? Amayi osokonezeka mutu atangobereka, ndi angati amabwerera kwa ana awo, ndipo amayamwitsa bwanji ali pa mankhwala athu? Ana opulumuka malungo a muubongo, amene kafukufuku wa ku Blantyre anaonetsa kuti ena amadzagwa khunyu kapena kusakhazikika, akafika Sitandade 5 amawathandiza ndani? Pamene anthu ambiri ankamwa ma ARV a 5A, amene munali efavirenz, maloto oopsa ndi chizungulire zinali nkhani ya tsiku ndi tsiku. Kuyambira 2019 dziko linasamukira ku dolutegravir, koma carbamazepine amene timapereka kwa odwala khunyu ndi ena a maganizo amachepetsa mphamvu ya dolutegravir m'magazi. Ndi odwala angati amene akumwa ziwirizi pamodzi, wina akulembera ku kiliniki ya ma ARV, wina ku kiliniki yathu, makiliniki awiriwo osaonana? Limeneli ndi funso loti wophunzira mmodzi angaliyankhe m'chaka chimodzi.

Mwina mukuti, kodi digiri ya MMed siifuna kale kuti wophunzira alembe kafukufuku wake? Imafuna. Koma taonani sabata ya wophunzirayo. M'mawa ali pa raundi, masana ali ku kiliniki, madzulo akulemba lipoti la kukhoti lonena ngati woimbidwa mlandu angathe kuyankha mlandu wake, usiku foni ikulira kuti wina waswa mawindo. Akuphunzitsanso ophunzira a chaka chachinayi, ndipo mayeso ake omwe akumudikira. Kafukufuku amakankhidwira mawa, mawa n'kukhala chaka chomaliza. Pamenepo munthu safunanso funso lofunika, amafuna funso lotheka. Amagawira ophunzira anzake mapepala kuwafunsa maganizo awo pa misala, chifukwa ali pafupi, amadziwa kuwerenga, ndipo safuna thiransipoti. Buku limamangidwa chikuto chokongola cha zilembo zagolide, n'kukagona pashelefu. Mnyamata wa mphira uja akubwerabe.

Ndiye ndikupempha tsiku limodzi pa sabata, lolembedwa pa rosita, foni ya wodi ili m'manja mwa wina.

Funso lanu ndalimva kale: odwala a tsiku limenelo awaona ndani? N'lolungama, ndipo sindinama kuti palibe chotayika. Tsiku limene ine ndili pa mafayilo, mnzanga aona odwala ochulukirapo, ndipo wina adikira nthawi yotalikirapo pabenchi. Koma masikuwo tikhoza kusinthana, wina Lachiwiri, wina Lachisanu. Komanso tisadzinamize ife madokotala: ntchito yaikulu ya matenda a maganizo m'dziko muno imagwiridwa ndi anamwino ndi makiliniko ofesa, ndipo wodi siigwa chifukwa wophunzira mmodzi wachoka kwa maola asanu ndi atatu. Chachikulu n'chakuti tsikulo tikuliba kale. Tikuliba ku tulo, ku Lamulungu, ku ana athu. Mapanga awiri avumbwitsa. Dokotala amene wagona 2 koloko akulimbana ndi manambala ndi yemweyo amene 8 koloko akulemba mlingo wa haloperidol. Ndipo tsiku limodzilo litatipezera chifukwa chenicheni chimene anyamata ngati uja amabwererera, mabedi amene angapulumuke angabweze ngongoleyo.

Za ndalama musaope. Kafukufuku wa wophunzira safuna mamiliyoni a madola. Amafuna thiransipoti yobwezera odwala, mayunitsi oimbira magadiyani, mapepala, malipiro a munthu mmodzi wothandiza kufunsa mafunso, ndi chindapusa cha komiti younika. Kathumba kakang'ono ka Unduna, kolimbirana poyera, kangakwane. Chosowa kwambiri kuposa ndalama ndi munthu wodziwa masamu a kafukufuku woti ukamuone usanayambe. Ambiri timapita kwa iye titatolera kale mapepala, ngati kupita kwa telala nsalu utaidula kale wekha.

Pali mbali ina imene imandisowetsa tulo, ndipo ndiyo imandichititsa kunena kuti tiziphunzira zimenezi tili ndi otiyang'anira. Odwala athu si ofanana ndi odwala ena. Matenda awo amagwira pamalo pomwe munthu amavomerera kapena kukanira.

Ndinathandizapo pa kafukufuku wina wovomerezeka bwinobwino, ntchito yanga ili yopempha chilolezo kwa odwala. Bambo ena anali atayamba kupeza bwino. Mawu amene ankawamva m'mutu anali atachepa koma asanatheretu. Ndinawawerengera kalata ya chilolezo, masamba anayi. Akazi awo, amene anali atagona pasimenti kwa milungu iwiri akuwadikirira, anangomva pamene ndinati tidzabweza ndalama ya thiransipoti. Anagwira chala chachikulu cha amuna awo n'kuchilunjikitsa pa inki. "Dindani bambo, adokotala ali ndi ntchito zambiri." Ndinapempha bambowo kuti andiuze m'mawu awoawo zimene ndawerengazo. Anati, "Mwati ndikadinda munditulutsa." Ndinatseka kabokosi ka inki. Patatha masiku khumi ndinabwerera. Ulendo uno anamvetsa, anafunsa ngati dzina lawo lidzamveka pa wayilesi, ndinati ayi, anaganiza kwa kanthawi, n'kukana. Akazi awo sanandipatsenso moni mpaka tsiku lotuluka. Ndikanakhala ndekha, chaka chomaliza chikundithamangitsa, odwala khumi akusowa kuti nambala ikwane, sindikulonjeza kuti kabokosi kaja ndikanakatseka. Ndinakatseka chifukwa wondiyang'anira anali atandiuza kale kuti pepala lopanda chala si kulephera.

Mbiri ili ndi zitsanzo zokwanira. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazanamazana odwala chindoko anangoyang'aniridwa matenda akuwadya, ngakhale pamene penicillin anali atapezeka, kuti madokotala aone mmene chindoko chimathera. Ngakhale wofufuza wa mtima wabwino amapweteka. John Cade, dokotala wa pachipatala cha odwala misala kufupi ndi Melbourne, anafalitsa mu 1949 zimene anaona atapereka lithium kwa odwala khumi osakhazikika. Mankhwalawo akupulumutsa anthu mpaka lero, koma wodwala wake woyamba, amene anachira mpaka kubwerera ku ntchito, anadzamwalira ndi poizoni wa lithium yemweyo, nthawi imeneyo kuyeza mlingo wake m'magazi kusanakhazikike. Malamulo a ku Helsinki a 1964, oteteza anthu ofufuzidwa, sanalembedwe mwa chisangalalo. Kwathu kuno tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu n'kuphedwa. Wofufuza wolowa m'mudzi ndi chikwama, osadzera kwa amfumu, osafotokoza bwino, amawotcha njira ya aliyense wobwera pambuyo pake, ngakhale wa katemera. Choncho makomiti ounika kafukufuku, COMREC ndi National Health Sciences Research Committee, akatibwezera mapepala athu ndi inki yofiira, akuchita ntchito yawo. Pempho langa n'loti wophunzira aliyense aziloledwa kukhala nawo pa msonkhano wa komiti ngakhale kamodzi, chete pakona, kuti amve mmene akuluakulu amaganizira. Ndiponso kalata za chilolezo za odwala maganizo zikhale ndi chitsanzo chimodzi chabwino m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, chachifupi, choti gogo angachimve.

Za alendo ndilankhule mosamala, chifukwa mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Madokotala a ku Scotland, kudzera mu Scotland Malawi Mental Health Education Project, aphunzitsa ambiri a ife kuyambira tili ophunzira wamba. Ena mwa akuluakulu athu anakamalizira ukatswiri wawo ku Cape Town. Ndondomeko ya AMARI yaphunzitsa ofufuza a ku Malawi, Zimbabwe, Ethiopia ndi South Africa. Zonsezi n'zoyamika. Koma pali kachitidwe kena kamene aliyense wogwira ntchito m'chipatala cha kuno akukadziwa. Funso limafika m'sutikesi litapsa kale. Dokotala wa kuno amapeza odwala, amamasulira, amakhazika mtima pansi magadiyani, amadzaza mafomu. Pepala likatuluka dzina lake lili kumapeto, pa mawu othokoza, pafupi ndi la dalaivala. Dalaivalayo ndi woyenera kuthokozedwa ndithu, misewu yake tikuidziwa. Koma dokotala uja watuluka osaphunzira kupanga funso, kusanthula manambala kapena kuyankha akonzi a magazini. Inu muli ndi mphamvu yonena kuti kafukufuku aliyense wololedwa m'mawodi a boma a matenda a maganizo azikhala ndi wophunzira wa kuno kuyambira pokonza funso mpaka polemba, ndipo dzina lake lizikhala pamene ntchito yake yaliika. Alendo abwino sangakane. Ambiri akuchita kale zimenezo.

Ifenso tili ndi nthenda yathu, ndisabise. Ena timakonda kafukufuku chifukwa cha misonkhano ya kunyanja, alawansi ndi chikwama cholembedwa dzina la pulojekiti. Ena akangolawa, wodi saifunanso, ndipo boma limakhala litaphunzitsa katswiri woti azikaonetsa zithunzi za odwala athu m'mahotela a kunja. Mankhwala ake si kutitsekera m'wodi. Pakhale maudindo m'boma amene katswiri angagwire masiku atatu kapena anayi ndi odwala, otsalawo ndi kafukufuku, kuti munthu asakakamizike kusankha pakati pa ziwirizi. Ndipo anamwino ndi makiliniko ofesa alowe nawo. Namwino amene anandigwira dzanja tsiku la agogo aja amadziwa za kafukufuku kuposa mmene ine ndinkadziwira, ndipo mafunso ake ndi akuthwa kuposa anga, koma palibe anamupemphapo kuti alembe.

Chomaliza n'chaching'ono. Wophunzira aliyense akamaliza, asapatsidwe digiri asanabwerere kumene anatenga mayankho. Malawi Medical Journal ilipo ndipo tizilembamo, koma gadiyani sawerenga Malawi Medical Journal. Wofufuzayo akaime pa kiliniki yomweyo m'mawa, nthawi ya phunziro la zaumoyo anthu asanayambe kuonedwa, afotokoze m'chinenero chawo kuti munatiuza zakutizakuti, tapeza zakuti, ndipo tisintha chakuti. Tsamba limodzi lipite kwa mkulu wa zaumoyo wa bomalo, lina lifike patebulo panu. Ngati wofufuzayo sangathe kufotokozera gadiyani zimene wapeza, ndikukayika ngati wazimvetsa yekha.

Mukafuna kumva zambiri, tiitaneni. Tidzabwera ku Capital Hill tonse, m'minibasi imodzi ija, ndipo kabuku kanga ka mafunso ndidzakatenga. Kungoti lisakhale Lachinayi, chifukwa ndi tsiku la jakisoni wa mwezi, ndipo amalume a mnyamata uja analonjeza kuti abwera naye.

Ine wanu m'ntchito,
Dokotala wophunzira ukatswiri wa matenda a maganizo.